Mlendo Wathu Aimirire

Nicole ankafuna kufunsa funso limodzi basi. Analikonzekera sabata yonse, kulinong'ona yekha uku akutsuka mbale, koma ine sankandiuza kuti ndi lotani. Ankati ndikalimvera komweko ku mtsutso, limodzi ndi anthu ena onse.

Tinkakhala nyumba imodzi ku Manchester, ine ndi iye, kanyumba ka zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya makapeti. Tonse tinkaphunzira za umoyo wa anthu pa yunivesite imodzi. Ine Modester wa ku Ntcheu ndinafika kuno ndi sutikesi imodzi ndi jekete la pakaunjika limene mphepo ya kuno inangoliseka. Nicole ndiye anandiphunzitsa kukwera thiramu, kasitima ka m'misewu ya m'tauni, kuyatsa hita yotenthetsa m'nyumba, ndiponso kuti mzungu akakufunsa kuti uli bwanji sakufuna kumva za msana wako. Nditagwidwa ndi chimfine cha mwezi woyamba, chija ndinkaona ngati chindibweza kumudzi m'bokosi, anandiphikira msuzi wa nkhuku n'kukhala m'mphepete mwa bedi langa mpaka ndinamaliza mbale yonse. Mnzanga weniweni m'dziko lino anali ameneyo. Ena onse anali ongopatsana nawo moni.

Nicole anali Myuda. M'nyumba sankabisa. Lachisanu dzuwa likamalowa, ndipo nyengo yozizira kuno limalowa anthu asanaweruke n'komwe, ankayatsa makandulo awiri patebulo, kuphimba nkhope ndi manja, kenako tinkadya buledi wolukidwa ngati tsitsi. Koma akatuluka pakhomo nkhani imeneyo inkatsala m'nyumba. Chiyambireni nkhondo ya ku Gaza pasukulu panali potentha. Pa kapinga wa kutsogolo kwa laibulale panadzaza matenti ndi mbendera, uku ena akuimba, uku ena akujambula oimbawo. Nicole anali ndi azakhali ake ku Israeli amene ankawaimbira foni pafupipafupi ndi mtima uli m'mwamba. Analinso ndi mkwiyo wake pa zimene boma la kumeneko linkachita, ndipo ndinamupezapo akulira ataona zithunzi za ana akufukulidwa m'nyumba zogumuka. Zonse ziwirizi ankasenza yekha.

"Akangodziwa, basi zatha, Mode," anandiuza tsiku lina. "Ndikatsegula pakamwa sadzamvanso Nicole, adzamva Ayuda onse a padziko lapansi. Awa adzafuna ndipepese, awo adzafuna ndiwanyamulire mbendera. Ine ndikungofuna kumaliza sukulu ndili munthu."

Ndinamumvetsa msanga. Amene anakhalapo wakuda yekha m'kalasi, aphunzitsi n'kutchula Africa maso onse n'kutembenukira kwa iye, safunika kumufotokozera kawiri.

Ndiye panali a Dunstan. Kumudzi anali ahedi a sukulu ina ya sekondale ku Kasungu, ndipo kuno anabwera kudzachita digiri yachitatu, imene chaka chilichonse inkatha chaka chamawa. Anali mkulu wa mpingo, koma chimene anatchuka nacho ndi maikolofoni. Ukwati, chinkhoswe, maliro a Mmalawi, kuyambira ku Liverpool mpaka ku Wakefield, woyendetsa mwambo anali a Dunstan, suti yabuluu, kampango m'thumba. Sindinganame, si munthu woipa mtima. Ine ndemwe anakanditenga ku bwalo la ndege asakundidziwa, n'kundigulira chakudya cha sabata yoyamba. Chimenechi ndiye chimandiwawa kwambiri, chifukwa munthu woipa umatha kumutukwana n'kugona tulo tabwino.

M'galimoto mwawo, pagalasi loyang'anira kumbuyo, pankalendewera timbendera tiwiri, ka Malawi ndi ka Israeli. Kutchalitchi kwawo amapempherera Yerusalemu asanapempherere mvula. Koma Myuda wamoyo, wodya ndi kuyetsemula, anali asanamuonepo. Kwa iwo Ayuda anali anthu a m'Malemba.

Lachisanu lina anabwera kudzandipatsa kaphukusi ka usipa kamene mayi ananditumizira kudzera mwa munthu wina. Anapeza makandulo akuyaka, buledi ataphimbidwa ndi kansalu. Anafunsa ngati magetsi athima. Nicole, poti anali m'nyumba mwake, anawayankha mosabisa. A Dunstan anaika usipa pansi, anagwira dzanja la mwana wa eni ndi manja onse awiri, mawondo atapinda.

"Modester! Ukugona nyumba imodzi ndi mdzukulu wa Abrahamu, iwe duu osanena? Eee, ndiye n'chifukwa chake ma assignment akukuyendera chonchi!"

Nicole Chichewa sankamva, koma anaseka, kuseka kwa munthu amene akufuna dzanja lake libwerere. Ine ndinawaperekeza alendowo mpaka pansi pa masitepe, n'kuwatsina khutu.

"Ankolo, chonde, nkhani iyi isatuluke. Ku campus sakudziwa, ndipo mwini wake sakufuna. Zinthu sizili bwino panopa."

"Iwe, chinthu chaulemu chotere n'chobisa? Madalitso amabisa?"

"Ankolo, ndapota nanu."

"Ndamva, ndamva, mwana iwe. Pakamwa ndakhoma."

Patapita masabata angapo bungwe la ophunzira linakonza mtsutso wapoyera, kuti anthu asiye kukuwizana pa kapinga, akhale pansi amvane. Vuto linali wapampando. Dzina lililonse limene latchulidwa, mbali ina inkalikana. Kenako wina anakumbukira bambo wa suti yabuluu amene anayendetsa bwino phwando la ophunzira a ku Africa. Atafunsa kumene amachokera n'kumva kuti ku Malawi, onse anavomera. Theka la iwo silinkadziwa kumene Malawi ali, ndiye anagwirizana kuti munthu wakumeneko sangakhale ndi mbali. Akanangosuzumira m'galimoto muja.

M'mawa wa tsikulo ndinawaimbira foni.

"Ankolo, Nicole abwera ku debate. Mukukumbuka zimene tinagwirizana?"

"Modester, ine ndayamba u-MC iwe usanabadwe. Protocol ndimaidziwa."

Ndinadula foni mtima uli m'malo. Ndinkaona ngati andilonjeza.

Holo inadzaza mpaka ena anakhala pamasitepe. Pakhomo panali alonda oyang'ana m'zikwama. Kutsogolo kunakhala anthu awiri. Wina anali Tariq, mnyamata wophunzira udokotala amene kwawo ndi ku Gaza. Winayo anali Mngelezi wophunzira zandale amene anadzipereka kuyankhulira mbali ya Israeli, poti bungwe la ophunzira achiyuda linakana kutumiza munthu. Linati silikukhulupirira kuti munthu wakeyo akatuluka bwino.

Chilungamo chake, a Dunstan anayamba bwino. A bungwe anawaletsa kutsegula ndi pemphero, ndipo anamvera ngakhale nkhope inagwa pang'ono. Wopitirira nthawi ankamudula mwanthabwala, anthu n'kuseka. Tariq anafotokoza za nyumba ya mlongo wake, za mtengo wa mandimu umene unali pakhomo, ndi za foni imene inasiya kuyankhidwa. Sanakweze mawu. Holo yonse inatchera khutu. Mngelezi uja naye anakamba za anthu amene anaphedwa ndi kugwidwa m'nyumba zawo tsiku limene nkhondo inayamba, ndipo kwa nthawi yoyamba pasukulu paja palibe anamudula pakamwa. Nicole anandigwira mkono.

"Mwina zitheka," anandinong'oneza.

Itafika nthawi ya mafunso, mtsikana wina wakumbuyo anaimirira n'kunena kuti zonsezi ndi sewero chabe, chifukwa eni ake nkhani sanabwere. "Ali kuti?" anatero. "Myuda ngakhale mmodzi m'holo muno mulibe. Amadziwa kuti alibe choyankha."

Ndinaona a Dunstan akuwongola tayi. Nthawi yomweyo dzanja la Nicole linali m'mwamba, pakati pa manja ena ambiri, ndipo mnyamata woyendetsa maikolofoni anali atayamba kale kubwera kumene tinakhala.

Kwathu mlendo wolemekezeka sakhala pagulu osadziwitsidwa. Kutchalitchi, paukwati, ngakhale pamaliro, woyendetsa mwambo amene wasiya munthu wamkulu atangokhala pabenchi ngati wamba ndiye kuti ntchito yamukanika, ndipo anthu akamunena mpaka kunyumba. Komanso sitidziwitsa munthu mwachidule. Timatchula dzina, ntchito, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, kuti aliyense adziwe kumene angakamupeze. Mwambo umenewu a Dunstan unali m'magazi.

"Musanafunse, mayi, mundikhululukire," anatero m'Chingerezi chawo cha ahedi, nkhope ikuwala. "Amayi ndi abambo, ine wapampando wanu ndalakwitsa mwambo. Mlongo wathu kumbuyoko akuti eni ake sanabwere. Abwera! Pakati pathu pano tili ndi mlendo wolemekezeka amene sindinamulandire, Myuda weniweni, mwana wa lonjezo. Ine ndemwe ndinalowapo m'nyumba mwake, ndinaona makandulo ndi maso angawa."

Anatchula dzina lake lonse. Anatchula maphunziro ake ndi chaka chimene ali. Anatchula msewu wathu, ndi shopu ya makapeti yomwe, n'kuwonjezera kuti amakhala ndi mwana wathu Modester wa ku Ntcheu.

"Mlendo wathu aimirire timuone bwino. Tiyeni timuombere m'manja!"

Anaomba okha. Phwa, phwa, phwa, manja a munthu mmodzi m'holo yonseyo.

Nicole anali ataimirira kale, chifukwa maikolofoni anali atamupatsa m'manja. Mafoni anakwera m'mwamba mbali zonse. Wina anakuwa kuti, "Ndiye tiuze, ukuvomereza kupha ana kapena ayi?" Mbali inayo anyamata ena anayamba kuomba m'manja ndi kuimba mluzu, wina n'kutulutsa mbendera m'jekete. "Usaope, ndiwe wathu!" Nicole sanali kuwadziwa, ndipo anyamatawo akanamva zimene iye ankanena m'khitchini mwathu sakanamuombera. Tariq anawerama pa maikolofoni yake n'kupempha kuti amusiye, kuti mtsikanayu sanabwere kudzayankhira boma lililonse, koma mawu ake anamira m'phokoso.

"Ndinali ndi funso," anatero Nicole.

Anadikira. Phokoso silinatsike. Anayang'ana maikolofoni ija, anaibweza kwa mnyamata uja mwaulemu, anatenga chikwama chake n'kuyamba kudutsa pamawondo a anthu kulowera kukhomo. Ine ndinali pambuyo pake, manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Kumbuyo kwathu a Dunstan anali kumenya patebulo, akuitanitsa bata. Funso lija sindinalimve, ndipo sindinalimbe mtima kumufunsa.

Tinakwera thiramu kubwerera. Titafika kunyumba anangofunsa chinthu chimodzi.

"Unawauza kuti asanene?"

"Kawiri konse."

Anagwedeza mutu n'kulowa kuchipinda kwake. Kuyambira pamenepo ine ndinali ndi mantha amodzi okha, oti ndimutaya.

Kutacha vidiyo inali paliponse. Pasukulu inkayenda ndi mawu ena, m'magulu a pafoni a Amalawi inkayenda ndi mawu enanso. Kumeneko a Dunstan anali ngwazi. "Mtumiki wa Mulungu waimirira Israeli pamaso pa adani," ndipo pansi pake ma Ameni ndandanda, ochokera ku Leeds, ku Lilongwe, ku Joni. Mayi anga omwe ananditumizira, akundifunsa ngati Myudayo angawapempherere mwendo.

M'kalasi palibe anamutukwana. Azungu ophunzira satukwana. Gulu lathu lowerengera limodzi linangoyamba kusamala. Nicole akalowa nkhani inkasintha, anthu n'kuyamba kukamba za mvula. Mtsikana wina amene ankadya naye masana tsiku lililonse anamukokera pambali n'kumuuza kuti iye alibe naye vuto, koma zingathandize atanena poyera mbali imene ali. Anyamata a mbendera aja nawo anamupeza ku laibulale, akumupempha kuti akayankhule pamsonkhano wawo. Atakana anamuuza kuti akuchita manyazi ndi mtundu wake. Anabwera kunyumba atatopa ngati wachokera kumunda.

Ine ndinayesetsa. Ndinkaphika, ndinkamudikira pageti la sukulu kuti tiyendere limodzi, ndinkanena nthabwala zosaseketsa. Ndinamulonjeza kuti anthu aiwala, kuti sabata yamawa adzapeza wina womujambula. Ankandiyankha kuti zikomo, Mode, koma chitseko cha kuchipinda kwake chinayamba kukhala chotseka.

Kenako m'mawa wina mwini shopu ya makapeti anagogoda. Anatitengera pansi kukationetsa chitseko chathu chakumsewu. Wina anachithira penti yofiira, yochucha mpaka pansi, n'kulembapo mawu amene sindikufuna kuwabwereza. Bamboyo anali atabweretsa kale ndowa ndi burashi, ndipo anayamba kukwecha yekha. Apolisi anabwera, anajambula, anapita. Madzulo ake Nicole anaimbira bambo ake ku Leeds.

"Ndizimalizira kunyumba," anandiuza. "Mayeso ndizibwera pa sitima. Sindingathe kumagona ndikumvetsera masitepe."

Ndinafuna kumupempha kuti asapite. Koma ndikanamulonjeza chiyani? Madzi akatayika sawoleka.

Bambo ake anabwera Lamlungu masana, munthu wamfupi, wa imvi, wosayankhulayankhula. Tili mkati motsitsa mabokosi, galimoto ya timbendera tiwiri inaima kumbuyo kwa yawo. Anatsika a Dunstan ndi akazi awo, atavala zakutchalitchi, atanyamula chitenje chatsopano m'pepala. Ati amva za penti, ndiye abwera kudzapepesa mwa mwambo.

Anayamba bwino, zipewa m'manja, mawu otsika. "Mwana wanga, ngati pena pake ndinalakwitsa, undikhululukire." Ngati! Pena pake! Asanapume n'komwe anapitiriza kuti komabe asadabwe, chifukwa anthu osankhidwa amazunzidwa kuyambira kalekale, ndipo penti ija ndi umboni woti iye ndi wa lonjezo ndithu. Nicole analandira chitenje chija n'kuchiika pamwamba pa bokosi.

"Bambo Dunstan," anatero, "munandifunsapo zimene ine ndimaganiza za nkhondoyi?"

A Dunstan anamwetulira mwachifundo. "Mwana wanga, sindifunika kufunsa. Ndimadziwa."

Atazindikira kuti bambo wa imviyo ndi ndani, anasiya zonse n'kuthamangira dzanja lake. Analigwira ndi manja awiri, akumuuza kuti ku Malawi konse timawakonda, kuti tsiku lina adzabwere kutchalitchi kwathu adzapereke moni kwa mpingo. Bamboyo anayembekeza mpaka dzanja lake litamasulidwa.

"Agogo ake a mwanayu," anatero mofatsa, "anakhala moyo wawo wonse akusankha okha woti amuuze ndi woti asamuuze kuti ndi Myuda. Ndi chokhacho chimene anatisiyira. Pepani, ndiike bokosili."

A Dunstan anatembenukira kwa akazi awo. "Wamva nzeru zimenezo? Anthu amenewa ndi ozama."

Nicole anandikumbatira pafupi ndi chitseko chija, chimene chinali chidakali ndi mizere yofiirira m'ming'alu. "Si iwe, Mode," anatero. Ndinadikira kuti anene kuti ndidzapite ku Leeds, kapena kuti tidzaonana akadzabwera ku mayeso, koma anangondisisita pamsana n'kulowa m'galimoto. Ndikudziwa kuti sankadana nane. Kungoti akandiona ankaonanso holo ija, ndi dzina langa likutchulidwa pambali pa lake.

Galimoto inanyamuka. A Dunstan anaima pambali panga akubayibitsa ndi manja onse awiri mpaka inakhota pakona. Anapukuta m'maso ndi kampango kaja, chifukwa analiradi, misozi yeniyeni.

"Anthu odala," anatero akupuma mozama. Kenako anayang'ana mawindo athu m'mwamba. "Koma tsono Modester, ndiye kuti room ija ili free? Mphwanga Maxwell akubwera January kudzayamba masters, accommodation ikuvuta. Mwana wabwino, wopemphera. Uyankhule ndi landlord mwachangu asanaike wina."

Ndinawayang'ana. Mawu onse amene ndinawasunga chichokereni m'holo muja anakwera mpaka pakhosi, okwanira kuwavula suti yabuluu ija pamsewu pomwepo. Akazi awo anali kundimwetulira, akudikira yankho. Ndipo mawondo angawa, amene anaphunzitsidwa bwino ku Ntcheu, anapinda okha.

"Chabwino, ankolo," ndinatero. "Ndiwafunsa."